Chala cha pa Dzina la a Bashiru

— Halo? Eluby?

— Halo, malume! Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Ana? Bambo awo?

— Tonse tili bwino. Muli kuti lero? Amayi akuti munatsanzika zopita ku Naisi, sabata yatha osabwerako.

— Ndili pa Songani. Miyendo yanga sipempha chilolezo kwa mayi ako. Ukundimva?

— Mukudukaduka.

— Dikira ndikwere pamulu wa njerwa. Eya. Tamvera, mayunitsi ngochepa. Nkhaniyi andiuza ndi mayi ena, a Fauzia, ogulitsa nthochi pasiteji pano.

— Mwayambanso kutola nkhani za eni!

— Iyi njolemera. Amuna awo, a Bashiru, anapita ku Phalombe kukapikula nsomba sabata ya namondwe ija. Sanabwere. Foni zii. Abale akuchimuna akuti basi, Lachisanu akwana masiku makumi anayi, achite sadaka ya maliro. Koma mayiwa mtima ukukana. Malaya a amuna awo akumawachapabe, kusita, kupinda.

— Mayo ine.

— Ndiye dzulo kondakitala wina wawabweretsera pepala lochokera komweko. Mayina mbwee, a Bashiru ali pakati. Mayiwa aonetsa pepalalo kwa anthu atatu. Wina akuti ndi mayina a akufa, wina a osowa, wina a amoyo. Iwe umaphunzitsa Chizungu ku Domasi uko, tandimasulira.

— Pamwamba alembapo chiyani?

— Ndivale magalasi kaye. Pali “camp”, kenako R, E, G, I...

— Register?

— Omwewo. Kondakitalayo akuti register ndi list n'chimodzimodzi.

— Ayi. Ana anga a Fomu 2 amasokonezanso choncho. List ndi mndandanda chabe, aliyense akhoza kulemba, kaya wa anthu osowa, kaya wa zokagula kumsika. Record ndi zolemba zosunga zomwe zinachitika kale, ngati kuchipatala akalemba kuti uje anamwalira tsiku lakuti.

— Nanga iyi?

— Register ndi kaundula. Ngati wa m'kalasi mwanga: ndiitana dzina, mwana ayankha, ndiye ndichonga.

— Ndiye kuti munthuyo amayenera kukhalapo?

— Ndi thupi lake. Kutsogolo kwa dzinalo kuli chiyani?

— Adindapo chala.

— Ali moyo amenewo, malume! Anafika pakampu! Auzeni!

— Tsitsa mawu. Ali pafupi, akundiyang'ana pakamwa.

— Nanga vuto n'chiyani?

— Eluby, ine ndinagonapo pakampu ku Chigwa, madzi a chaka china. Ufa ankagawa powerenga mitu. Ndinaona ndi maso angawa anthu akulembetsa abale awo oti anapita ndi madzi, chala n'kudinda mnzawo. Njala imeneyo, sindikuwanena.

— Koma si onse amatero.

— Si onse. Koma a Bashiru sanali okha, anali ndi anzawo ansomba odziwa dzina lawo. Ndipo munthu wamoyo angathe masabata asanu osabwereka foni n'kuimbira mkazi wake?

— Mwina anavulala. Mwina nambala sakuikumbukira, inapita ndi foniyo.

— Mwina.

— Malume, ine ndakuuzani tanthauzo la mawu. Zinazo sindingadziwe.

— Mawuwo ndawamva, mwanawe, uli ndi mutu. Aa, taona, asiya nthochi zawo, akubwera kuno. Ndiwauze chiyani?

— Auzeni zoona: si mndandanda wa akufa. Sadaka ayambe aimitsa, apite kukampuko akafunse amene ankalemba.

— Akuchimuna akalipa. Mpunga anagula kale.

— Mpunga suola, malume.

— Chabwino. Ndiwauza, ndipo ndiwaperekeza ndine, miyendo ilipo. Mayi ako uwauze asandidikire.

— Mukafika mundiflashe, ndikuimbirani.

— Ndikuflasha. Koma ndikuuze iwe wekha, iwowa sindiwauza: chala chija, ine sindikukhulupirira kuti n'cha a Bashiru.

— Malume, musatero... Halo? Malume? Halo?