Anagwa Kamodzi, Filimu Yawagwetsa Katatu

— Halo? Halo, amayi?

— Ndine, mwanawe. Dikira ndiime pafupi ndi mtengo, m'nyumba muno netiweki imathawa. Nanga pano?

— Pano ndikukumvani. Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya kumeneko?

— Tili bwino. Mwendo uja bwanji?

— M'mawa umakana, koma ndimaunyengerera. Mpongozi wanga ndi kamwanako?

— Ali bwino, kayamba kumera mano. Nanga abambo?

— Abambo ako alipo. Ali kuseri kwa khola, akunola mpeni.

— Kwabwera alendo?

— Kulibe mlendo. Iwe, filimu yako ija ya tsekwe...

— Mwaionera? Amayi, anthu aikonda! Chiyambireni kujambula zanthabwala, palibe inayendapo chonchi.

— Tinaionera pa foni ya mlongo wako. Ine ndinaseka, sindikana, mpaka ndinakabisala m'khitchini. Koma tandiuza, tsiku lija tsekwe wanga atawathamangitsa, abambo ako anagwa kangati?

— Kamodzi.

— Nanga mufilimumo akugwa katatu bwanji? Kachitatuko akugwa pang'onopang'ono ngati thumba la thonje, nsapato ili m'mwamba, kanyimbo kakulira.

— Ndi mmene timachitira, amayi. Pamene pakuseketsa timabwerezapo.

— Umabwereza bambo wako?

— Komatu ndinawapempha. Anati ndichite zimene ndikufuna.

— Iwo ankayesa uonetsa zonse. Halo? Ulipo?

— Ndilipo, mawu anu akudukaduka.

— Ndikuti chitulukire filimuyo makina osokera sanawagwire. Akangokhala pakhonde la sitolo paja, anthu amabwera ngati akufuna kusoketsa, kenako n'kufunsa kuti nsapato inapezeka kodi. Ana asukulu amadutsa atatalikitsa makosi, akuchita sii, sii. Dzana wometa uja anawapatsa moni akukupiza zigongono ngati mapiko.

— Pepani, sindikuseka.

— Ukuseka, ndikukumva.

— Zitha zimenezo, amayi. Anthu amaiwala msanga.

— Anthu aiwala, koma tsekwe wanga adzakhala ali mumphika. Mpeni ndakuuza uja ndi wa iyeyo.

— Chiyani? Ayi, asamuphe! Ndalonjeza anthu gawo lachiwiri.

— Iwe ukuganiza za gawo lachiwiri. Ine tsekwe ameneyu ndinamuswetsa ndi nkhuku, ndinamulera m'dengu pafupi ndi bedi. Wamkazi akufungatira, akamuchotsa mwamunayo agalu amazira awalekerera?

— Chabwino, ndiichotsa filimuyo lero lomwe.

— Mlongo wako akuti ili kale pa foni ya aliyense. Ndipo abambo ako sakufuna uichotse.

— Nanga akufuna chiyani?

— Ndawafunsa modekha pamene amamwa tiyi. Akuti kusekedwa sakudandaula, munthu aliyense amagwa. Chikuwawawa n'chakuti atadzuka anatembenuka, n'kumugwira tsekweyo pakhosi ndi dzanja limodzi, n'kumunyamula kukhwapa mpaka kukhola, jekete lili pathupi. Iwe unalipo, unajambula. Zili kuti?

— Pamenepo ndinadulapo.

— Chifukwa?

— Sipamaseketsa, amayi. Filimu yanthabwala imathera pamene munthu wagwa.

— Bambo wako sanathere pansi. Bwezerapo, anthu aone kuti anadzuka. Akuti akaona zimenezo mpeni aubweza m'kabati.

— Amayi...

— Lankhula, mayunitsi akutha.

— Ndinafufuta. Foni inadzaza.

— Unasunga kugwa katatu, kudzuka kamodzi kokha n'kumene kunadzazitsa foni?

— Sindinadziwe kuti zifika apa.

— Mwana iwe, wanditopetsa. Ndiye tamvera. Loweruka ukwere basi yoyamba, ubwere ndi foni yopanda kanthu. Jekete lija ndalichapa kale. Ine nditsegula khola, iwo adutsa pamene anadutsa paja, iwe ujambula.

— Avomera?

— Ndikawauza kuti wapempha ndiwe, ndipo wapepesa. Upepesedi ukafika.

— Nanga akapanda kumugwira? Tsiku lija unali mwayi chabe, tsekweyo anakodwa mu waya.

— Za wayazo usadzazitchule pamaso pawo. Udzajambula mpaka amugwire.

— Akagwanso?

— Akagwa uloze foni kumwamba, ujambule mitambo. Dikira... Abambo ake, mukupita kuti ndi mpeniwo? Tsekani chitsekocho, mwana akubwera Loweruka!

— Amayi, chikuchitika n'chiyani? Phokosolo n'la chiyani?

— Tsekwe watuluka. Mpeni autaya, akuzungulira wilibala.

— Apatseni achemwali foni ajambule, msanga!

— Ajambule chiyani, nsapato yavuka kale... Koma taima. Atembenuka. Iwe, atembenuka! Kodi pojambulira pa foniyi ndi pati?

— Dulani kaye foniyi, kenako mudine pa kamera, pali kabatani kofiira... Halo? Amayi? Halo?