Mnzake wa Maziko

Pa siteji ya Chemusa, bambo wina wa jekete lotuwa ankadandaulira mayi amene anaima naye podikira minibasi.

"Mwana wanga Maziko analephera masamu ku koleji, mayi. Lolemba akalembanso. Akalepheranso, amuchotsa."

"Ndiye ali pa mabuku?" anafunsa mayiwo.

"Mabuku ati? Wabwera ndi mnzake, Ramsey. Anadziwana tsiku loyamba pobwerekana supuni ku kafeteriya. Supuni basi! Lero mnyamatayo akugona pabalaza panga."

"Si bwino nanga? Aziwerengera limodzi."

"Iyeyo anakhoza zonse. Ntchito yake ndi kuimika mwana wanga pagalasi m'mawa uliwonse kuti azinena kuti, 'Ine ndine wopambana.' Akuti kuwerenga kwambiri kumaitana mantha."

"Komatu maganizo abwino amathandiza, bambo. Ine kuthamanga kwa magazi kunatsika nditasiya kudandaula."

"Magazi anuwo sakalemba masamu Lolemba, mayi."

"Mwalankhula naye mwanayo?"

"Ndinayesa. Akuti, 'Adadi, mukulowetsa maganizo ofooketsa m'nyumba.' M'nyumba mwanga! Ndikakweza mawu, onse awiri akuti ino ndi nthawi ya matipate, aliyense ali ndi ufulu."

"Mtima pansi, bambo, musamuthamangitse mnzakeyo. Anzako a ku koleji amakhala a moyo wonse. Mnzawo wa amuna anga amabwerabe kwathu mpaka lero."

Bamboyo anavula chipewa n'kuwayang'anitsitsa mayiwo.

"Moyo wonse? Mayi, ine ndimangoopa za Lolemba lokha. Mwandiwonjezera."