Mchere Wodzaza Dzanja

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961 ku Chiweta, m'banja la asodzi, ndipo anabatizidwa dzina loti Amock Harawa. Sekondale anaphunzira ku Khondowe. Mu 1988 anamanga banja ndi Mayi Kezia nyaMsiska, omwewa amene ena mwa inu mwakhala mukunong'onezana kuti ndiwo apha amuna awo.

Kuyambira 1986 kufikira 2021 anaphunzitsa bayoloje ku Mhuju. Inu amene munadutsa m'manja mwawo mukukumbukira mbatata ya kachewere imene ankaiviika m'madzi amchere mpaka kufota. Ankati thupi lathu ndi timaselo, ndipo selo iliyonse yakutidwa ndi kachikopa kopyapyala kamene kamalola zina kudutsa, zina ayi. Madzi amadutsa mosavuta, kulondola kumene mchere wachuluka. Mchere pang'ono ndi shuga zimalowa limodzi m'maselo a m'matumbo, madzi n'kutsatira, wodwala n'kutsitsimuka. Koma mchere ukapyola muyeso, umakokera madziwo kunja. Ana a eni anamva. Abale awo enieni ankati zimenezo n'zamkalasi.

Pa 14 Januwale chaka chino anayamba kutsegula m'mimba. Mayi Kezia anawasungunulira madzi a mchere ndi shuga pa muyeso wake, n'kuthamanga kukasaka galimoto. M'mbuyo muno achibale ochokera kunyanja analawa madziwo, nati sanakolere. Anathiramo mchere wodzaza dzanja ngati akukonza nsomba zoyanika. Malemu anakana mpaka mawu anawathera, ndipo achibalewo anawamwetsa atawagwira mikono. Anafika kuchipatala lilime litauma gwa, ndipo pa 16 Januwale anatisiya. Adokotala anatiuza mosabisa kuti mcherewo ndi umene unatsiriza madzi m'thupi mwawo.

Ine mng'ono wawo zikundiwawa, ndipo sindimeza mawu pamaso pa bokosi ili. Amene anathira mchere ndi omwewo akuloza chala namfedwa, maso ali pa nyumba yamalata ya malemu. Mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa.

Malemu asiya ana atatu, Wezi, Joel ndi Pamela, zidzukulu zinayi, komanso akazi awo Mayi Kezia, amene sachoka m'nyumba muja. Wofuna makiyi ayambe waimirira pano, auze anthuwa chimene anathira m'kapu ya achimwene.

Tikuthokoza a mpingo, amayi amvano, okumba manda, ndi Bambo Gordon Chavula amene anapereka galimoto yawo osawerengera. Yewo chomene.

Mzimu wa a Harawa uuse mumtendere.