Utsi Unali Kumbuyo

Pa siteji ya basi, bambo wa tayi ankaseweretsa makiyi a galimoto moyang'ana kumbali. Mayi amene anaima naye pamzere analephera kupirira.

"Makiyi muli nawo, bambo. Nanga galimoto?"

"Ili kwa makaniko, mayi. Imangomaliza oyilo. Ndinayala katoni pansi pake kuti ndione podontha, koma olo kadontho! Mpaka ndinanamizira mlamu wanga kuti akumapopa. Pano sitikulankhulana."

"Ndiye amapita kuti oyiloyo?"

"Amapsera mu injini n'kumatuluka utsi kumbuyo. Makaniko akuti maring'i a mu injinimo anatha kalekale."

"Utsi wonsewo inu osauona?"

"Ine pagalimoto ndimayang'ana kutsogolo, mayi. Am'mbuyo ndiye ankandilizira hutala tsiku lililonse."

"Inu n'kumatani?"

"N'kumawabayibitsa. Ndinkangoti anthu ayamba kundidziwa."