Anagula Malata Okha

Pa siteji ya minibasi ku Migowi, a Goliati, tambala ali m'khwapa, ankadandaulira mayi wina amene anangokumana naye pomwepo.

"Ndinagula nyumba kwa Mkhumba, mayi. Wogulitsayo anasaina bwinobwino, n'kukwera basi ya ku Joni."

"Anali wobadwira pamudzipo kapena mkamwini?"

"Loya wandifunsanso zomwezo, kungoti iyeyo wandilipiritsa. Anali mkamwini. Akuti malowo ndi a mkazi wake, ine ndinagula malata okha."

"Ndiye mukasasula?"

"Mayiwo akana, akuti mvula yayandikira. Koma akuti ngati ndikufunitsitsa kugonamo, ndikaonane ndi amalume awo."

"Za malowo?"

"Za ukwati."

"Tambalayu akupita kumeneko?"

"Eya. M'nyumba yanga yomwe ndikalowamo ngati mkamwini."

"Musadandaule, bambo. Banjalo likadzakukanikani, nanunso mudzagulitsa."