Bambo Amene Anasenza Mpunga Wanga pa Chipoka

Zikomo aulutsi ndi omvera nonse. Ine ndine mayi wolima mpunga ku Hara, kuno ku Karonga.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi ku Limbe anali woyembekezera koyamba, ndiye ndinanyamuka ndi thumba la mpunga kuti ndikamudikirire. Ife akuno timakwera sitima ya pamadzi pa Chilumba, n'kukatsika pa Chipoka kuti tikwere ya pamtunda. Koma ya pamtundayo inkanyamuka anthu tikutsitsabe katundu, ndipo ina inkabwera patapita masiku.

Tikutsika, bambo wina amene tinali naye m'sitimamo anati, "Mayi, bweretsani ndikusenzereni." Anasenza thumbalo n'kuima pamzere ngati tonsefe, osapempha kudutsa. Tisanafike pasiteshoni, sitima ya pamtunda inalira n'kumapita. Ndinangokhala pansi, misozi ili chuchuchu.

Bambowo, thukuta lili kamukamu, anavula chipewa. "Pepani mayi. Nthawi za sitimayi ndimakonza ndine. Mu ofesi zimaoneka ngati sitima ziwirizi zimakumana bwinobwino. Madandaulo atachuluka, ndinati ndiyende ndekha ngati wapaulendo. Lero ndazimva ndi khosi langali."

Mdzukulu wanga anabadwa ine ndili pabenchi pa Chipoka, ndipo zimandiwawabe. Koma ndi bwana uti amene angasenze thumba la mlimi kuti aone pamene analakwitsa?

Mwezi wathawu ndinapitanso. Tinatsika mosathamanga, sitima ya pamtunda ili chiimire mpaka thumba lomaliza litalowa. Bambo inu, ngati mukumvera, yewo chomene, zikomo kwambiri. Khosi lanu lija silinapweteke pachabe.