Mchere Unandithawa ku Durban

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni. Nanunso ana mwakhala kutsogoloku, ndikulidziwa dzina limene mumanong'onezana ndikamadutsa pa mjigo. Mumati "a Manda". Musawerame, sindinakwiye. Manda ndili nawodi, ali kuseri kwa nsungwi uko. Lero ndinene m'mene ndinawapezera.

Ine ndine Layisoni. Ndinachoka m'Domasi muno ndili mnyamata, ulendo wa ku Joni, n'kukathera ku Durban, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndinayamba ndi kutsuka mbale mu lesitilanti ina yoyang'ana kunyanja, kenako ndinakhala khukhi. Abale, ndinkaphika! Nkhanu zikuluzikulu, nsomba zootcha, ndiwo ya amwenye yotchedwa kale yothira m'buledi woboola pakati. Alendo a m'maiko akutali ankabwera kudzagona pamchenga atavala tinsalu tosakwana ndi mpango womwe, njala ikawapweteka n'kulowa kwathu. Bwana wanga ankati lilime langa ndi sikelo. Ndikalawa kamodzi, mchere ndaudziwa.

Ndiye ndinatchona. Zaka zisanu ndi zinayi, olo kalata imodzi kwa amayi anga, amene ndinawasiya ali amasiye. Ndinasintha ndi dzina lomwe kuti ndizioneka wakonko.

Tsiku lina masana weta analowa kukhitchini, akuti panja pali bambo wa ku Malawi akufunsa za Layisoni. Ndinasuzumira pa kawindo kotulutsira mbale. Anali a Chikopa a ku Naisi, oyendetsa thiraki, kalata ili m'manja. Mtima wanga unati, mavuto a kumudzi andilondola. Mawu amene ndinamutuma weta uja ndiwanena monga ndinawanenera: "Kawauze kuti Layisoni anamira m'nyanja chaka chatha, mtembo sunapezeke."

Ndinawaona a Chikopa akuvula chipewa. Ine n'kubwerera ku mapoto anga ndikuimba likhweru.

Patapita masabata atatu, mchere unandithawa. Ndilawe supu, madzi. Ndithire wina, madzi. Ndithirenso, madzi basi. Shuga ndinkamumva, tsabola ndinkamumva, koma mchere ayi. Mbale zinayamba kubwerera, alendo akulavula.

Kenako dothi. Abale, kumene ndinkakhalako ndi kwa mchenga ndi simenti, koma m'mawa uliwonse m'zikhadabo mwanga munkakhala katondo, dothi lofiira la kwathu kuno. Ndichotse ndi bulashi, mawa lilimo. M'khitchini monunkhira adyo, ine ndinkamva fungo la dzenje longokumba kumene. M'misewu anthu ankandigunda ngati palibe munthu. Ndinachita mantha, mantha osauza munthu. Ntchito inatha.

Lamulungu lina dzuwa lili paliwombo, ndinalowa m'nyanja ndi zovala zomwe. Ana akusewera, alendo akujambulana, osandicheukira. Ndinatunga madzi m'manja n'kumwa. Nyanja yonse ija, abale, inali ngati madzi a mvula. Ndinalira. Ndinati, Ambuye, kodi ndinafa osadziwa? Zaka zonsezo, linali pemphero langa loyamba.

Ndinapita kufupi ndi doko, kumene amaima mathiraki a ku Malawi. Ndinadikira masiku ambiri. A Chikopa atafika n'kundiona, anakwera m'galimoto, chitseko mba! Anandilankhula galasi atatsitsa pang'ono pokha.

"Iwe tinakuika. Ine ndinathira nawo dothi."

Anandifotokozera kuti poti mtembo panalibe, akuluakulu anathyola mvunguti, kuukulunga m'nsalu yoyera, kuuika m'bokosi monga amachitira makolo. Kwaya inaimba. Amayi anameta. Nditafunsa nthawi yake, inali sabata lomwe lija mchere unandithawa.

Ananditenga, koma njira yonse ankandiyang'ana cham'mbali. Tinafika pa Domasi masana. Amayi ena muli muno, munataya ndowa pa mjigo n'kuthawa, ndowa yanu Mayi Saidi mpaka pano ndi yopindika. Sindikukuimbani mlandu. Ine ndemwe ndikanathawa.

Amayi anga okha sanathawe. Anali pakhonde akupeta mpunga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anaika lichero pansi, kulowa m'nyumba, kutuluka dzanja atafumbata. Mukudziwa nonse zimene timanena kuno, kuti chinthu choipa sichiyandikira mchere. Anatambasula dzanja lija, muli mchere.

"Ngati ndiwe mwana wanga, nyambita. Ngati ndiwe china, bwerera kumene wachokera."

Abale ndi alongo, miyezi khumi ndisanamve mchere. Ndinadziwa kuti ndikapanda kuumva, nkhope yanga inena yokha, ndipo amayi atseka chitseko. Ndinagwada. Ndinati, Yesu, ndikumbukireni. Ndinanyambita m'dzanja la amayi.

Unawawa! Unawawa mpaka ndinakwinya nkhope, malovu kudzaza m'kamwa, misozi mbwembwembwe. Amayi anangoti, "Ndi iyeyu. Amakwinya chomwechi chibadwire."

Pomwepo ndinaulula kuti uthenga wa maliro ndinautumiza ndine, ndi pakamwa panga.  Amayi anati, "Ndiye unadzipha wekha, Mulungu wakudzutsa. Tenga khasu ukalambule manda akowo, ine msana watopa nawo."

Lero ndimalima mpunga kudimba, ndipo ndimakazinga tchipisi pamsewu wa ku Liwonde. Zikhadabo zanga zimada ndi dothi la kumunda basi. Mchere m'ndiwo za amayi ndimathira ndine. Manda aja abusa anati tiwafafanize, ine ndinapempha akhale. Ndimakalambula mvula ikamatha, ndipo ndikafika pamtanda pamene analemba dzina langa, ndimagwada n'kuthokoza.

Inu muli ndi ana ku Joni, musafulumire kuthyola mvunguti. Inu mukufuna kupita, lembani kalata. Mulungu alemekezeke, amene anandibweza ndisanagone pamene anandikumbira. Amen.